Zilembo Zoitana: Mawu kwa Olemba Zikwangwani ndi Amalonda a ku City Market

  Ndikudziwa kuti wamalonda akakhala pansi ola limodzi kasitomala wake amakagula kwa mnansi, choncho ndiyesetsa kuti nthawi yanu isapite pachabe.

Pobwera kuno ndayenda wapansi kuchokera ku Cairo Road, kuwoloka Chachacha, kuwoloka Freedom Way, mpaka kudzatulukira pa Lumumba Road pomwe pali City Market yathu. Njira yonseyi ndimamvetsera. Tauni ino ili ndi maphokoso awiri. Loyamba ndi la m'makutu: ang'wang'wazi kuitanira okwera, anyamata a mawilibala kupempha njira, amayi kutchula mtengo wa tomato ndi kapenta. Lachiwiri ndi la m'maso, ndipo limachokera kwa ife olemba. Khoma likulankhula, kontena ikulankhula, galasi lakumbuyo la minibasi nalonso likulankhula. Zilembo zili ndi mawu ngati anthu. Zina zimanong'ona, zina zimalamula, zina zimakalipa, zina zimamwetulira.

Lero ndasankha mtundu umodzi wokha wa zilembo, umene achinyamata a kompyuta anganene kuti fonti. Nonse mumaudziwa ngakhale simudaupatse dzina. Ndi zilembo zija zonenepa, zobulungira m'makona, zopendekera kudzanja lamanja ngati zikufuna kunyamuka. Mumaziona pa chikwangwani cha saluni, pa paketi ya maswiti, pa khoma la sukulu ya mkaka, pa sikipa ya timu ya mpira ya m'komboni.

Mfundo yanga yaikulu ndi imodzi, ndipo ndiibwereza mpaka mupite nayo kunyumba: zilembo zimenezi ntchito yake ndi kuitana. Zikamaliza kuitana, zipereke mpata kuti zina zilankhule.

Nkhaniyi ndaigawa pasanu. Poyamba tiona maonekedwe ake. Kachiwiri, kumene zidachokera. Kachitatu, pamene zimayenera. Kachinayi, pamene siziyenera. Kachisanu, malangizo a pa ntchito.

Mfundo yoyamba: maonekedwe ake

Tiyambe ndi kunenepa. Chilembo cha m'buku miyendo yake ndi yowonda ngati udzu wofolera. Chilembo chathuchi miyendo yake ndi yokhuthala ngati munsi. Ubwino wake mukuuona nokha: chimaoneka patali, ndipo pakati pa zikwangwani makumi awiri diso limathamangira kwa icho. Koma walira mvula walira matope. Chilembo chikamanenepa chimadya malo a m'kati mwake. Taonani a, e ndi o. Chilichonse chili ndi kazenera, kampata kosapakidwa utoto, ndipo wowerenga amadalira kazenera kameneko kuti adziwe kuti ichi n'chiyani. Kazenera kakatsekeka, a ndi e zimasanduka mapasa. Mayi wogulitsa ziwiya alembetse kuti ali ndi mbale, wodutsa patali awerenge kuti mbala, basi malonda aipa chifukwa cha chilembo chimodzi. N'chifukwa chake mmisiri weniweni wa zilembo zonenepa amasamala malo opanda utoto kuposa malo a utoto.

Chachiwiri ndi kubulungira. Ikani miyala iwiri patsogolo pa mwana, wina wa mumtsinje, wina wophwanya ndi hamala wothira mu konkire. Mwana atola wa mumtsinje. Diso la munthu lidaphunzira kalekale kuti chosongoka chimabaya: minga, mpeni, mano a galu. Chobulungira sichiopsa: chitumbuwa, lalanje, tsaya la khanda. Chilembo chopanda makona akuthwa chimauza wodutsa kuti pano mutha kufika, palibe wokukalipirani. Palinso phindu la pa ntchito. Burashi yodzaza utoto ikatera pa khoma imasiya yokha mutu wobulungira, pamene kona yakuthwa imafuna kubwerezedwa kawiri katatu. Inunso odula stika mukudziwa kuti stika imayamba kumatuka pa nsonga. Kona yobulungira ilibe poti nsanza ya wotsuka galimoto ikole.

Chachitatu ndi kupendekera. Zilembo zambiri zopendekera zimachoka pa mzere woongoka ndi madigiri apafupifupi 10 mpaka 12. Kuti mumvetse, yang'anani wotchi ya mivi. Muvi wautali ukakhala pa 12 waima chilili. Pakadutsa mphindi ziwiri, wapendekera madigiri 12. Pamenepo ndi pokwanira. Ukafika pa mphindi zisanu, chilembo chanu chikugwa. Kupendekera pang'ono kotereku ndiko kumapatsa mawu moyo. Mnyamata wokankha wilibala yodzaza masaka a anyezi kuchokera ku msika wa Soweto saima njo. Thupi lonse limaweramira kutsogolo, moti ngakhale mutamujambula chithunzi, woona chithunzicho adziwa kuti munthuyu akuyenda. Chilembo chopendekera chimaterenso: chili pa khoma, koma chikuyenda.

Tsopano phatikizani zitatuzi. Mupeza mayi wa pamsika, wathupi labwino, wankhope yosangalala, ataweramira pa tebulo lake akunena kuti, "Bwerani mwanangu, ndikuikirani mbasela." Amenewo ndiwo mawu a zilembo zathu. Ntchito yake ndi kuitana.

Mfundo yachiwiri: kumene zidachokera

Mmisiri wosadziwa makolo a ntchito yake ali ngati mwana wosadziwa chiwongo chake. Makhalidwe atatu aja adabadwa nthawi zosiyana, m'mayiko osiyana.

Chisamba ndi kupendekera. M'chaka cha 1501, mumzinda wa Venice ku Italy, wosindikiza mabuku Aldus Manutius adatulutsa kabuku ka ndakatulo za Virgil m'zilembo zimene adamusemera mmisiri Francesco Griffo. Zilembozo zidatengera kalembedwe ka pamanja ka anthu ophunzira a nthawiyo, ndipo mpaka lero zimatchedwa italic potengera dzina la dzikolo. Sungani ichi: m'kabuku kameneko zilembo zazing'ono zokha ndizo zidapendekera, zazikulu zidaima chilili. Tibwererako kutsogoloku.

Kunenepa kudadza ndi malonda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, makoma a mumzinda wa London adadzaza ndi mapepala olengeza zisudzo ndi malonda, ndipo zilembo za m'mabuku sizinkamveka pa khoma. Amisiri osula zilembo, monga Robert Thorne, adayamba kuzinenepetsa kwambiri. Vuto lawo ndi lomweli tili nalo pa Lumumba Road: anthu ambiri, zikwangwani zambiri, nthawi yochepa.

Amene adatchukitsa kunenepa kobulungira ndi Oswald Cooper wa mumzinda wa Chicago ku America. Munthuyu adali wa ntchito yathu yomweyi, wolembera amalonda zilembo pamanja. M'chaka cha 1922, kampani ya Barnhart Brothers & Spindler idatulutsa zilembo zake zotchedwa Cooper Black, ndipo mu 1926 padabwera zopendekera zake, Cooper Black Italic. Apa ndi pamene makhalidwe atatu aja adakumana m'nyumba imodzi. Cooper Black yayenda kutali. Ili pa chikuto cha chimbale cha Pet Sounds cha gulu la Beach Boys cha mu 1966, ili pa ndege za easyJet, ndipo imapezeka m'makompyuta ambiri okhala ndi Microsoft Office, kuphatikizapo a m'mashopu osindikizira a m'tauni muno. Idatsatidwa ndi abale ena: Balloon ya Max Kaufmann mu 1939, yooneka ngati yolembedwa ndi burashi mofulumira, ndi VAG Rounded imene idakonzedwera kampani ya Volkswagen mu 1979.

Pali chinthu china chimene ndimakonda kuchikumbukira. Chaka chomwecho cha 1922 ndi chimene Buku Lopatulika lathunthu lidatuluka m'chilankhulo chathu. Tsegulani tsamba lililonse la buku limenelo. Mupeza zilembo zazing'ono, zoongoka, zodekha, zoti munthu awerenge mutu wonse maso osatopa. Chaka chimodzi, ntchito ziwiri: zilembo zowerengera ndi zilembo zoitanira. Khasu ndi nkhwangwa zonse n'zachitsulo, koma palibe amene amalimira nkhwangwa.

Kwathu kuno zilembozi zidafika pa mapaketi a katundu, m'manyuzipepala, ndi pa mapepala a Letraset amene akuluakulu ena muno ankakhula ndi cholembera kuti chilembo chimatirire pa pepala. Olemba zikwangwani adaziona, nazilowetsa m'dzanja lawo. Adawonjezera mthunzi kumbuyo, mzere wozungulira, ndi mitundu iwiri m'chilembo chimodzi. Mlendo ndiye adadza ndi kalumo kakuthwa, koma ometa nako tsopano ndife.

Mfundo yachitatu: pamene zimayenera

Musanasankhe zilembozi dzifunseni funso limodzi: kodi mwini malo ano akamalandira kasitomala amakweza mawu akumwetulira? Ngati yankho ndi inde, zilembozi n'zake. Nditchule malo asanu.

Malo oyamba ndi a chakudya: kodyera nsima, kophikira buledi ndi mabanzi, kogulitsa maheu, tchipisi ndi nkhuku yowotcha. Chilembo chonenepa chimakumbutsa kukhuta. Dzina la malo odyera likalembedwa ndi zilembo zowonda, wanjala amakayikira kukula kwa mtanda.

Malo achiwiri ndi a ana: sukulu za mkaka ngati zija zadzaza ku Chelstone, zovala za makanda, zidole ndi maswiti. Mwana ndi kholo lomwe amakopeka ndi chinthu chopanda nsonga.

Malo achitatu ndi okongoletsa thupi: saluni, ometa tsitsi a ku Kabwata, telala wosoka zitenje. Kumeneko kasitomala amakhala nthawi yaitali akucheza, ndipo chikwangwani chiyenera kukhala chochezeka ngati mwini wake.

Malo achinayi ndi zinthu zoyenda: dzina la minibasi pa galasi, otsuka magalimoto, njinga zamoto zoperekera katundu. Apa kupendekera kumagwira ntchito yake yonse, chifukwa kumanena za liwiro mawu asanawerengedwe.

Malo achisanu ndi a chisangalalo: makadi a ukwati ndi a chilanga mulilo, masikipa a timu ndi a kwaya ya achinyamata, kapena kabolodi kolengeza kuti lero tatsegula belo latsopano la salaula.

Pa malo onsewa lamulo ndi limodzi: mawu achepe. Liwu limodzi, awiri, akachulukitsa atatu. Dzina la shopu, kapena chinthu chimodzi chimene anthu amakudziwirani. Ganizirani za nthawi imene wowerenga amakupatsani. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita apafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Woyendetsa pa Great East Road polowera ku Chelstone amakupatsani masekondi awiri kapena atatu, ndipo m'masekondi amenewo sangawerenge ndime. M'kati mwa City Market munthu ali wapansi, koma diso limodzi lili pa chikwama, lina pa wilibala ikubwera. Nayenso amakuponyerani diso kamodzi kokha.

Samalaninso malo. Mumsika, pomwe aliyense akukuwa, zilembo zikule ndi kuwala. Ku Woodlands ndi ku Kabulonga misewu ndi ya mitengo, mipanda ndi yaitali, zikwangwani n'zochepa. Kumeneko zilembo zomwezi zichepe, zikhale za mtundu umodzi, zisiyiridwe malo ambiri mozungulira. Munthu sakuwa m'nyumba mmene muli zii. Paja ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika.

Mfundo yachinayi: pamene siziyenera

Abale anga, apa ndi pamene ambirife timapunthwa, ndipo ndiyamba ndi kulakwa kwanga.

Zaka zapitazo ndidalembera mayi wina wosoka chikwangwani. Dzina lake lidatuluka bwino kwambiri, lofiira pa khoma loyera, moti ndidati nambala ya foni nayonso ndiilembe ndi zilembo zomwezo. Patapita masabata atatu mayiyo adabwera nkhope ili gwaa. Makasitomala ankaimba, koma ankayankhidwa ndi munthu wachilendo. Nditapita kukaima patali ndidaona vuto: 3 wanga adanenepa mpaka milomo yake idatsala pang'ono kukumana, ndipo ankawerengedwa ngati 8. Ndidafufuta n'kulembanso ndi manambala oongoka, osalandira ndalama. Utoto ndidabweza, koma masabata atatu a malonda a mayiyo sindikadatha kubweza. Zimandipwetekabe.

Choncho malo oyamba oletsedwa ndi manambala: nambala ya foni, mtengo, nambala ya akaunti, ndi manambala a pa tinyumba totumizira ndalama ta Airtel, MTN ndi Zamtel. Pa manambala onenepa ndi opendekera, 3 ndi 8 amafanana, 1 ndi 7 amafanana, 5 ndi 6 amafanana. Liwu likasowa chilembo chimodzi munthu amatha kulilota, koma nambala siilotedwa. Dzina liitane, nambala iyime chilili.

Malo achiwiri ndi ndime zazitali: mndandanda wa zakudya, mndandanda wa ntchito zimene mumagwira, malamulo a pa shopu. Mchere umakometsa ndiwo, koma palibe amene amadya mbale ya mchere. Mizere khumi ya zilembo zonenepa imasanduka khoma lakuda, diso n'kubwerera.

Malo achitatu ndi machenjezo ndi mankhwala. Yang'anani zikwangwani za pamsewu. Zilembo zake n'zoongoka ndi zosakongoletsa chifukwa moyo wa munthu umadalira kuwerenga msanga ndi molondola. Chimodzimodzi malangizo a mankhwala a munthu, a mbewu kapena a makoswe. Liwu loti ngozi likalembedwa ndi zilembo zomwetulira, chikwangwanicho chikunama.

Malo achinayi ndi maliro. Ndidaonapo ndondomeko ya maliro dzina la malemu litalembedwa ndi zilembo za pa paketi ya maswiti. Wosindikizayo sadafune kunyoza, adangotenga zimene zidali pafupi. Koma munthu salowa m'siwa akuseka. Pepala lopita nalo ku manda a Chingwere kapena a Leopards Hill, ndi mwala wa pamanda womwe, zimafuna zilembo zodekha zimene zingaime pambali pa namfedwa mwaulemu.

Malo achisanu ndi kumene anthu amasungitsa moyo, ufulu kapena ndalama zawo: chipatala, ofesi ya loya, kampani ya alonda, obwereketsa ndalama. Munthu wopita kumalo otere safuna woitanira malonda. Amafuna womumvetsera.

Kwa inu amalonda ndionjezepo ichi. Zilembozi zimalonjeza. Zimati pano pali kukoma mtima, pali kukhuta, pali changu. Kasitomala akalowa n'kupeza nkhope yokwinya ndi muyezo wobera, adzati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo sadzabweranso. Ife timalemba lonjezo, olisunga ndinu.

Mfundo yachisanu: malangizo a pa ntchito

Tsopano ndilankhule ndi amisiri anzanga, a burashi ndi a kompyuta omwe. Ndili ndi malangizo asanu ndi awiri.

Loyamba, msinkhu. Olemba zikwangwani ali ndi muyezo wakale: pa mamita atatu alionse a mtunda umene wowerenga waima, chilembo chitalike masentimita awiri ndi theka. Ngati mukufuna kuti dzina liwerengeke bwino pa mamita 30, zilembo zikhale masentimita 25. Musanagule utoto, kaimeni pomwe kasitomala amadutsa, muwerenge mapazi kufika pa khoma.

Lachiwiri, mipata. Zilembo zonenepa zimakonda kuyandikana, koma zisakhudzane. Musayeze mipata ndi rula. Yerekezani kuti mukuthira ufa pakati pa chilembo ndi chinzake: mpata uliwonse ulowe ufa wofanana. Zilembo za miyendo yoongoka monga l ndi i zimafuna kutalikirana pang'ono, zozungulira monga o ndi e zimafuna kuyandikira. Dziwaninso kuti o ayenera kupitirira pang'ono mzere wa choko pamwamba ndi pansi, apo ayi amaoneka wamng'ono pakati pa anzake.

Lachitatu, musakakamize chilembo. Dzina likakana kulowa pa bolodi, musalikoke kapena kulifinya ndi mbewa ya kompyuta, chifukwa miyendo yoimirira ndi yopingasa imasiya kugwirizana. Chepetsani mawu kapena kulitsani bolodi. Samalaninso ndi batani lija la I lopendeketsa zilembo. Fonti ikakhala yopanda zopendekera zakezake, kompyuta imangokankha zilembo zoongoka ngati nyumba yotsamira, ndipo o amaoneka ngati dzira lopondedwa. Zopendekera zenizeni zimajambulidwa mwatsopano, chilembo ndi chilembo.

Lachinayi, musalembe ndi zilembo zazikulu zokhazokha ngati fonti ili ndi zazing'ono. Kumbukirani kabuku ka ku Venice kaja: kupendekera kudabadwira m'zilembo zazing'ono. Izo zili ndi mitu yotuluka pamwamba monga k ndi l, ndi michira yotsika monga y ndi p, ndipo zimenezi zimapatsa liwu nkhope. Zazikulu zokhazokha zimafola ngati njerwa.

Lachisanu, mitundu. Chofunika ndi kusiyana kwa kuwala ndi mdima: chakuda pa chikasu, choyera pa buluu wakuda, chofiira pa choyera. Chofiira pa chobiriwira chimavina m'maso, ndipo pali anthu, makamaka amuna, amene sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi. Jambulani ntchito yanu ndi foni, muchotse mitundu kuti chithunzi chikhale chakuda ndi choyera. Dzina likasowa, sinthani utoto. Kumbukiraninso dzuwa la Okutobala limene limayamba kudya utoto wofiira, fumbi la Ogasiti, ndi madzulo amene magetsi azima.

Lachisanu ndi chimodzi, zilembozi zipatseni mnzake mmodzi yekha, woongoka ndi wosadzionetsa, woti anyamule mitengo, manambala ndi tsatanetsatane. Kompyuta ili ndi mafonti mazanamazana, ndipo mtima umafuna kulawa onse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Pa chikwangwani chimodzi, woitana akhale mmodzi, wofotokoza mmodzi.

Lachisanu ndi chiwiri, lemekezani chilankhulo. Mafonti ambiri adajambulidwa ndi anthu amene sankaganiza za mawu athu. Mawu athu ndi aatali: Takulandirani ali ndi zilembo 13, ndipo m'zilembo zonenepa amafuna khoma lalikulu, choncho yezani musanayambe. Kachizindikiro ka pamwamba ka mu ng' musakataye kapena kukafinya pakati pa zilembo. Ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama ya m'tchire. Kasitomala akafuna ŵ wa kadenga, monga mu Malaŵi, onetsetsani kuti fonti yanu ili naye, chifukwa zambiri zokongoletsa zilibe. Ndipo mumzinda uno wa zilankhulo zambiri, mukapatsidwa mawu a Chibemba, Chitonga kapena Chilozi, funsani mwini chilankhulo kalembedwe kake musanaviike burashi. Safunsa adadya phula.

Pamenepa ndili ndi pempho kwa achinyamata, makamaka inu amene mukuphunzira zojambula ndi zosindikiza ku Evelyn Hone College. Ku Malawi, Nolence Mwangwego adapanga kalembedwe kakekake ka zilankhulo za kumeneko. Ku Harare, Saki Mafundikwa adatsegula sukulu ya zojambula ya ZIVA mu 1999, ndipo mu 2004 adatulutsa buku la Afrikan Alphabets. Ntchito yopanga zilembo si ya anthu akutali okha. M'manja mwa akuluakulu akhala kutsogolowa muli zilembo zimene sizili mu kompyuta iliyonse. Khalani nawo pansi, jambulani zikwangwani zawo zisanafufutidwe, muzisandutse mafonti okhala ndi ng' ndi ŵ kuyambira pachiyambi. Mutu umodzi susenza denga: wa burashi ali ndi diso, wa kompyuta ali ndi chida.

Mawu otsiriza

Ambiri muno mukukumbukira m'mawa wa pa 4 Julaye 2017, pamene moto udanyeketsa gawo lalikulu la City Market. Katundu wa anthu adapsa, ndipo zikwangwani zidapsera limodzi. Patapita masiku ochepa, mayi wina wogulitsa zitenje adabwera kwa ine atanyamula thabwa. Adalibe tebulo, adalibe nsalu ngakhale imodzi. Adati, "Achimwene, ndilembereni dzina langa, monga lidalili kale." Ndidamufunsa chifukwa chake wayamba ndi chikwangwani asanapeze katundu. Adayankha kuti, "Katundu ndikongola. Koma makasitomala anga akundifunafuna, sakudziwa pomwe ndakhala."

Ndidalemba liwu limodzi lokha, lonenepa, lobulungira, lopendekera kutsogolo. Mayiyo adakaliimika pomwe adapeza malo, ndipo amene ankalidziwa adalizindikira ali patali. Tsiku limenelo ndidamvetsa kulemera kwa ntchito imene tili nayo m'manja. Chikwangwani chimaima padzuwa ndi pamvula kuitana m'malo mwa munthu amene mawu ake atha, ndipo pambuyo pake pali ana oyembekeza chakudya ndi fizi.

Ndibwereze komaliza. Zilembo zonenepa zimaoneka patali, koma sungani mazenera ake. Zobulungira zimalandira alendo, koma musapite nazo pamaliro. Zopendekera zimayenda, koma musazisenzetse manambala. Ntchito yake ndi kuitana, ndipo zikamaliza kuitana zipereke mpata kuti zina zilankhule.

Mukatuluka muno, musathamangire kutsegula shopu. Pitirirani kaye, mukaime patali pomwe kasitomala wanu amayambira kukuonani, mutembenuke, muyang'ane chikwangwani chanu ngati mlendo wongotsika basi. Ngati chikukuitanani ndi dzina lomveka, chisiyeni. Ngati chikukuwa zinthu khumi nthawi imodzi, mawa m'mawa muitane wa burashi.